Chuma cha Masiye ndi Ulendo Wake

 Ine ndikulankhula monga mwana wa kwa Gogo Chalo Dambe, m'boma la Mchinji, ndipo nkhani imene ndabwera nayo ndi ija ambiri a ife timaizemba pamene makolo athu ali moyo, n'kudzakumana nayo maso ndi maso misozi isanaume.

Pamene munthu wamkulu watisiya, mudzi wonse umadziwa chochita popanda wowuphunzitsa: alipo wokagwada kwa amfumu kukanena zovuta, alipo adzukulu amene amalawirira kumanda ndi makasu, alipo amayi osenza nkhuni ndi ufa, ndipo a mpingo amachezera m'siwa ndi nyimbo kufikira tambala woyamba, pakuti makolo anatisiyira mawu oti maliro n'kulirana, ndipo pa zimenezi sitinalakwitsepo. Koma likafika tsiku lometa, alendo atabalalika, mphasa zobwereka zitabwezedwa kwa eni ake, pamatsala ntchito ina imene ilibe adzukulu, ilibe nyimbo, ndiponso palibe gogo amene anatilangiza za iyo kutsimba kapena kudambwe: ntchito yochotsa chuma m'dzina la womwalira ndi kuchiika m'manja mwa amoyo. Ntchito imeneyi ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo umatuluka m'thumba la amasiye omwewo.

Bambo anga anamwalira m'nyengo ya dzinja, fodya ali msinkhu wa m'chiuno. Anasiya malo a lizi amene ankawatcha esiteti ngakhale sanali aakulu, ng'ombe zokoka ngolo, chigayo chimodzi, ndi ndalama ku banki kumene ankalandirira za ku okushoni. Wilo sanalembe. Ndinene poyera, kuti ndisanamizire akufa kapena amoyo, kuti m'banja mwathu simunabuke mkangano. Atsibweni a kuchimuna anaimirira pabwalo nanena kuti zonse ndi za mayi ndi ana, ndipo sanatenge ngakhale khasu. Ine ndinkaganiza kuti pamenepo nkhani yatha, chifukwa kuyambira ubwana wanga ndinkamva kuti mdani wa mwana wamasiye ndi wachibale wa dzanja lalitali. Sindinkadziwa kuti aliponso mdani wina amene salankhula pabwalo, amene sanyamula katundu usiku, koma amadya pang'onopang'ono monga chiswe chidyera mphasa yoimika, ndiye ulendo ndi nthawi.

Titapita ku banki ndi mayi, tinalandiridwa mwaulemu, natipepesa, kenaka natiuza kuti kuyambira tsiku limenelo ndalama za malemu sizikhudzidwanso kufikira titabweretsa makalata ochokera kwa oyenera. Mayi anatuluka akupukuta maso ndi nsalu, akufunsa kuti kodi ukwati wa zaka zonsezo sukwanira kukhala umboni. Ndipo ndikumvetsa kuwawa kwa funsolo. Komatu lero, nditaiganizira bwino, ndiona kuti banki ikachita chotero imatchinjiriza wamasiye yemweyo, pakuti ikanakhala kuti imapereka ndalama kwa aliyense wofika ndi nkhope yachisoni, woyamba kufika sakanakhala mayi wa m'siwa, amene mwambo sumulola kuyenda masiku amenewo, koma uja wa miyendo yopepuka amene anatenga bukhu la ku banki pansi pa pilo maliro ali m'nyumba.

Makalata amene amafunikawo ali a mitundu iwiri. Ngati malemu analemba wilo natchulamo munthu woti adzagawe chuma, munthuyo amapita nayo ku khoti kuti khoti liivomereze kuti ndi yeniyeni, ndipo chivomerezo chimenecho a m'maofesi amachitcha probate. Ngati wilo palibe, monga zinaliri kwathu ndiponso monga zimakhalira m'mabanja ambiri, pamafunika kuti wina apemphe mphamvu zoyendetsera chuma cha masiye, ndipo makalata ake amatchedwa letters of administration. Musaope mawu achilendowa. Tanthauzo lake n'lakuti boma likufuna munthu wodziwika ndi dzina, woti likamufunsa mawa kuti ng'ombe zija zinapita kuti, ayankhe. Ndipo ndikupemphani mugwire mfundo iyi, chifukwa ambiri amapunthwa pomwepa: wolandira makalatawo sasanduka mwini chuma. Iye ali ngati kapitawo wosungitsidwa nkhokwe ya eni. Ayenera kusonkhanitsa, kulipira ngongole, kugawa monga mwa lamulo, ndi kuonetsa mmene wayendetsera.

Koma musanafike n'komwe pa makalata amenewo, pepala loyamba ndi chiphaso cha imfa. Kuyambira mu 2015, kulembetsa kubadwa ndi imfa m'dziko muno n'kokakamiza, ndipo ntchitoyi ili m'manja mwa National Registration Bureau, amene ali ndi ofesi paboma lililonse. Munthu akamwalirira kuchipatala, monga pa chipatala cha mishoni cha ku Kapiri kapena cha paboma, achipatala ndiwo amayamba kulemba za imfayo. Akamwalirira pakhomo, umboni umayambira kwa amfumu a m'mudzi. Pamenepa ndi pamene ife tinakumana ndi chopinga chimene sitinachiganizireko. Bambo anali ndi mayina atatu, monga alili amuna ambiri a msinkhu wawo: dzina la ubatizo, dzina la bambo awo, ndi la mfunda. Pa chiphaso cha unzika, chija tonse tinajambulitsa mu 2017, panalembedwa awiri. Pa bukhu la ku banki panalinso awiri, koma limodzi linali losiyana. Pa pepala la lizi, limene linalembedwa kalekale ndi kalaliki wina womva mwa iye yekha, dzina limodzi linali lolembedwa mopotoka. M'mudzi monse munalibe ngakhale mwana wokayika kuti ameneyu ndi munthu mmodzi, koma pepala silinadyepo nsima ndi munthu, silidziwa nkhope. Tinayenera kukalumbira pamaso pa wolumbiritsa kuti mayina onsewo ndi a malemu mmodzi, ndipo kulumbirako kunali ndi malipiro ake ndi ulendo wake.

Za ulendowo ndiye ndifuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa amene amalemba malamulo ali mumzinda sauwerengera. Munthu wa kwa Dambe akafuna ofesi ya bwanamkubwa, amadzuka kusanache, nakwera kabaza kufikira pamsewu wa ku Kapiri, nadikira galimoto yopita kwa Kamwendo, ndipo pamenepo msewu umagawikana: dzanja lina ku boma la Mchinji, dzanja lina ku Lilongwe, mzinda umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera paboma. Sayenda yekha, pakuti kawirikawiri pamafunika mayi wamasiye, mwana wamkulu, ndi wachibale wa kuchimuna woti achitire umboni kuti banja lagwirizana. Chotero mtengo uliwonse wa galimoto muuchulukitse katatu, muonjezepo chakudya cha panjira, muonjezepo mafotokope ndi zithunzi, ndipo ngati dzuwa lawalowera mumzinda, muonjezeponso malo ogona. Akafika n'kupeza kuti pepala limodzi laiwalika kumudzi, kapena wosaina wapita ku msonkhano, ulendo wonsewo wapita m'madzi, ndipo kumunda nako udzu sunadikire. Ife tinayenda maulendo otere kangapo chaka chimenecho, ndipo tsiku lina nditakhala pansi ndi kope kuwerengera, ndinapeza kuti ndalama imene inathera mumsewu inaposa imene tinalipira m'maofesi onse pamodzi. Ng'ombe imodzi inagulitsidwa kuti tikatenge ndalama zathu zomwe.

Lamulo limene likugwira ntchito tsopano, lija la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011, linayesa kufupikitsa njira ya anthu osauka. Linanena kuti chuma chochepa, chimene pa nthawiyo linachiikira malire a K1,000,000, chisavutike ndi kukafika ku bwalo lalikulu, koma chithere kufupi, kwa majisitireti ndi kwa bwanamkubwa. Maganizowo anali abwino, ndipo amene chuma chawo chili chochepa ayambire pomwepo, pa ofesi ya bwanamkubwa, asanathamangire kwa loya. Koma inu nomwe mukudziwa chimene chachitikira kwacha yathu: mu Meyi 2022 inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti ndalama imene mu 2011 inali chuma cha munthu wolemekezeka, lero ndi mtengo wa matumba owerengeka a feteleza. Pamenepa palinso chinthu china chowawa chimene palibe amene amakupatsirani lisiti yake: ndalama ikakhala yotsekeredwa chaka chimodzi kapena ziwiri mukudikira makalata, chiwerengero chake pabukhu sichisintha, koma chimene ingagule chimakhala chitasungunuka ngati mchere m'madzi. Banja limene linazengereza kuyamba nkhani yake mu 2022 n'kudzalandira mu 2024, linaberedwa popanda wakuba woti limuloze chala.

Chuma chikakhala chokulirapo, makamaka pakakhala malo a lizi kapena nyumba ya m'tauni, nkhani imakafika ku High Court, kumene kuyambira pa kusintha kwa lamulo la makhoti mu 2016 kuli nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye. Kumeneko sapereka makalata asanaone kuti za msonkho zalongosoka, pakuti boma lili ndi msonkho wake pa chuma cha womwalira, umene umakwera malinga ndi kukula kwa chumacho. Ndipo kuti adziwe kukula kwake, pamafunika mndandanda wa zonse, ndi katswiri woyesa mtengo wa malo ndi nyumba, amenenso sagwira ntchito yaulere. Pamwamba pa izi pali loya. Sindinyoza maloya, pakuti wantchito ayenera malipiro ake, ndipo loya wabwino amakupulumutsani ku maulendo ambiri. Koma ndikulangizani kuti musanamusiyire mapepala, mumufunse mosachita manyazi kuti adzalipiritsa motani, kaya ndi ndalama yoikika kaya ndi gawo la chumacho, ndipo yankholo lilembedwe. Safunsa anadya phula. Amene alibe ndalama ya loya asataye mtima: ilipo Legal Aid Bureau, imene boma linakhazikitsa kuti ithandize osowa pa milandu, ndipo alipo Administrator General, pansi pa unduna wa zachilungamo, amene amayendetsa chuma cha masiye pamene banja lalephera kugwirizana kapena palibe woyenera, natapapo malipiro ake monga mwa lamulo. Ambiri amene makolo awo anali aphunzitsi, apolisi kapena achipatala a boma, dzina limeneli analimva kale.

Nkhani ya lizi ndi yathuyathu kuno ku Mchinji ndi kwa anansi athu a ku Kasungu, ndipo achinyamata ayenera kudziwa chiyambi chake. Kufikira chaka cha 1990, lamulo silinkalola mlimi wamba wa pa malo a makolo kulima fodya wa bale. Fodya ameneyu anali wa eni esiteti okha. Chotero m'zaka za m'ma 1980 amuna ambiri ochenjera, pofuna kulowa nawo pa msika wa ku Kanengo, anatenga minda ya banja, ina ya mbumba yonse, naikalembetsa ngati esiteti m'dzina la munthu mmodzi, kawirikawiri pa lizi ya zaka 21. Pa nthawiyo zinaoneka zanzeru, ndipo ana ambiri anaphunzira ndi ndalama imeneyo. Koma lizi ili ndi renti yake ya chaka ndi chaka ku unduna wa za malo, ndiponso ili ndi tsiku lothera. Ndipo amuna ambiri aja anakalamba, naiwala zonse ziwiri, natsikira kumanda pepala lili m'sutikesi. Ana akalitulutsa amapeza zinthu zitatu nthawi imodzi: ngongole ya renti ya zaka zambiri, lizi imene mwina inatha kalekale, ndi azakhali amene akunena, ndipo sakunama, kuti mundawo unali wa amayi awo usanalembedwe m'dzina la mlongo wawo. Ndani wolakwa pamenepa? Ine ndiona kuti palibe njira ina koma kukhala pansi onse, amfumu ali pomwepo, kukumbutsana mbiri ya mundawo moona mtima musanapite kwa a zamalo, chifukwa mlandu wa malo ukalowa m'khoti pakati pa abale, umatha zaka, ndipo pomatha amene wapambana amakhala atagulitsa theka la mundawo kuti alipire mlandu.

Chinanso chimene amasiye ambiri sayembekeza n'chakuti chuma sichigawidwa ngongole zisanabwezedwe. Zoyamba kutuluka ndi zolipira maliro ndi zoyendetsera chumacho, kenaka ngongole za malemu, ndipo chotsala ndicho cholowa. Kwathu kunali matenanti amene anali atagwira ntchito theka la nyengo, ndipo mayi ananena mawu amene sindidzawaiwala, akuti thukuta la mwana wa mwini silingakhale cholowa cha ana awo, ndipo tinawalipira poyamba. Ndipo pano ndiloleni ndipatuke pang'ono, ndinene za chiliza. Ndaona mabanja akugulitsa ng'ombe yomaliza kuti amange chiliza chonyezimira ndi kuphika phwando la mudzi wonse, pamene mwana wa malemu wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndiponso makalata a chuma sanayambidwe n'komwe. Kulemekeza akufa n'koyenera, ndipo sindiletsa. Koma chiliza chikhoza kudikira zaka ziwiri osawonongeka kanthu, pamene mwana akasiya sukulu chaka chimodzi, kawirikawiri sabwereranso.

Tsono chotsalacho n'cha yani? Apa ndi pamene mwambo ndi lamulo zinasiyana njira, ndipo ndifuna kulankhula mwaulemu za mwambowo, chifukwa makolo athu sanali anthu ankhanza. Pa Chichewa, mwamuna anali mkamwini, mlendo pamudzi wa mkazi wake. Ana anali a mbumba ya mayi, ndipo wowayang'anira anali atsibweni awo, mwini mbumba. Mwamuna akamwalira, zake zinkabwerera kwa abale ake, ndipo wolowa m'malo anali mwana wa mlongo wake. Koma ana ake sankasiyidwa padzuwa, popeza munda umene ankadya unali wa kwa mayi awo, ndipo atsibweni awo analipo. Wotenga chuma ankatenganso katundu wa kulera. Zinthu zinasokonekera pamene chuma chinasanduka ndalama, chigayo ndi nyumba ya malata, zimene mwamuna ndi mkazi anazipeza ndi manja awo awiri, nthawi zina atatengana pa chitengwa kutali ndi kwawo kwa mkazi. Pamenepo ena anagwiritsa theka la mwambo lonena za kutenga, nataya theka lonena za kulera.

Lamulo lakale la 1967 linayesa kukondweretsa mbali zonse: kumene ukwati unali wa chikamwini, mkazi ndi ana ndi ena odalira malemu ankalandira magawo awiri mwa asanu, ndipo magawo atatu ankapita kwa olowa a mwambo, pamene kumene unali wa malowolo ankagawana pakati ndi pakati. Malamulo aakulu a dziko a 1994, mu gawo 24, anatchula kulanda akazi chuma, ngakhale cha masiye, ngati mchitidwe woyenera kuthetsedwa. Ndipo lamulo la 2011 linamaliza nkhaniyo. Tsopano munthu akamwalira wopanda wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi amene ankadalira iye, monga makolo ake okalamba. Katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiyeyo. Ana onse ndi ana, wamkazi ndi wamwamuna, wobadwira m'banja ndi wobadwira kunja, ndipo wamng'ono amayenera gawo lokulirapo kuposa wamkulu, popeza ulendo wake ukali wautali. Wamasiye akakwatiwanso sataya cholowa chake, kupatula chimene chili pa malo a makolo, chimene chimapita kwa ana amene anabereka ndi malemuyo. Owerenga Buku Lopatulika adzakumbukira ana aakazi a Zelofehadi m'buku la Numeri, amene anaimirira pamaso pa Mose kupempha cholowa cha atate wawo amene anafa wopanda mwana wamwamuna, ndipo mlandu unawakomera. Nkhani ya mwana wamkazi ndi cholowa si ya dzulo ayi.

Ife a m'malire tilinso ndi china choti tidziwe, popeza ambiri tili ndi abale mbali zonse ziwiri, ndipo alipo abambo amene anasiya sitolo ku Chipata ndi munda kuno. Lamulo la ku Zambia la 1989 limagawa ndi manambala oikika: magawo 20 pa 100 alionse kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena odalira malemu. Lathu siliika manambala otere, koma limayang'ana zosowa za aliyense. Chotero chuma chikakhala tsidya lija, musaganize kuti pepala la kuno lidzangolandiridwa pa malire a Mwami ngati chiphaso cha ulendo. Kumeneko kuli khoti lake ndi njira yake, ndipo ndi ulendo winanso.

Za olanda chuma sindichulutsa mawu, pakuti mwazimva kambiri. Ndingokumbutsa kuti tsopano ndi mlandu waukulu, wa chindapusa chosachepera mtengo wa chimene chalandidwa ndi ukaidi wofika zaka 10, ndipo khoti limalamula kuti katunduyo abwezedwe. Wovutitsidwa akhoza kuyambira kwa amfumu, kapena ku polisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Koma chenjerani ndi kulanda kwaulemu, kuja kobwera ndi mawu ofewa akuti, alamu, njinga yamotoyi tikusungireni kufikira ana atakula. Chosungidwa chotero chilembedwe pamaso pa mboni, apo ayi ana adzakula n'kupeza mafupa okhaokha.

Tsopano ndifike kwa inu makolo anzanga, pakuti nanenso imvi zandiyamba, ndipo chimene ndikunena ndikudziuza ndekha. Gawo lalikulu la ulendo umene ndafotokozawu likhoza kudulidwa ndi munthu mmodzi yekha, ndiye mwini chumayo akali ndi mpweya. Ndikudziwa chimene chimatigwira dzanja: timati kulemba wilo ndi kudziitanira imfa, ndipo mwana akayerekeza kuitchula nkhaniyi timamuyang'ana ngati mfiti yofuna kutidya. Komatu mfumu Hezekiya, pamene mneneri Yesaya anamuuza kuti alongosole za banja lake, anakhalanso ndi moyo zaka 15 pambuyo pake. Kulongosola sikunamufupikitsire masiku. Wilo si chinthu cha anthu olemera kapena ophunzira okha. Aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo, wa maganizo angwiro, akhoza kuilemba, ndipo lamulo silikakamiza kuti ailembe ndi loya. Chofunika n'chakuti ikhale yolembedwa, mwiniwake asaine kapena adinde chala pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, nazonso zisaine iye akuona. Mbonizo zisakhale mwa anthu olandira cholowa, kuopa kuti gawo lawo lingadzakanidwe. Mukatero mukaisungitse pamalo okhulupirika, kaya kwa bwanamkubwa, kaya ku khoti, ku banki kapena kwa loya, ndipo wina wa m'banja adziwe kumene ili. Sindikunamizani kuti wilo imachotsa msonkho kapena kuti siipita ku khoti. Ndiponso simungaigwiritse ntchito pomana mkazi wanu ndi ana aang'ono, chifukwa khoti lili ndi mphamvu yowapatsa chowayenera. Chimene imachita ndi kutseka pakamwa pa mkangano, ndi kutchula munthu woyendetsa, kuti ana asathe miyezi akukangana za amene apite ku boma.

Ndipo pali tizinthu tina tating'ono timene sitilira ngakhale tambala. Amene muli pa ntchito yolembedwa, kaonetsetseni fomu ya penshoni imene munatchulapo odzalandira, chifukwa ndalama ya penshoni imatsata mayina a pa fomuyo, ndipo alipo amene analemba mayi awo ali mnyamata, nakwatira, nabereka ana asanu, osabwererako kukasintha. Onani ngati dzina la pa chiphaso cha unzika likufanana ndi la ku banki ndi la pa lizi, ndipo ngati likusiyana, kalikonzeni nokha, pakuti kwa inu ndi ulendo umodzi, pamene kwa ana anu adzakhala maulendo atatu. Uzani akunyumba kwanu za ndalama ya mufoni, ya ku banki mkhonde, za amene munawakongoza ndi amene anakukongozani. Amuna ambiri a kwathu amabisira akazi awo chuma ngati kuti akubisira mdani, ndipo chobisikacho chimakadyedwa ndi anthu amene sanakhetsepo thukuta.

Mayi anga sanapite patali ndi sukulu, ndipo m'miyezi yonse ija ya maulendo sanalankhule zambiri. Ankangomanga mapepala m'kansalu, nakwera kabaza m'mawa kuli mame. Koma tsiku limene tinabwera ndi makalata omaliza, atapuma, anandituma kuti ndikaitane aphunzitsi aakulu a pasukulu yathu ndi mkulu wa mpingo mmodzi, anthu amene si abale athu. Atafika, anawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, nanditulutsa ine ndi abale anga onse kuti tikakhale kuseri kwa nkhokwe kumene sitingamve. Aphunzitsi anang'amba pepala pakati pa kope, nalemba zimene mayi ankanena, nawawerengera kawiri. Mayi anadinda chala, mboni zinasaina, ndipo m'mawa mwake anavala chitenje chawo cha ku Chigwirizano, nandiuza kuti ndiwaperekeze ku boma kukasungitsa pepalalo. Tili pa Kamwendo kudikira galimoto ndinawafunsa chimene analembamo, ndipo anandiyankha kuti ndidzamva tsiku lake likadzafika, koma kuti mayina awo onse atatu alembedwamo bwinobwino, monga alili pa chiphaso.